Bungwe loti limathandiza ogona m'misewu latipempha ndalama, tidziwa bwanji kuti ndi loona?

Nachisale_Chilenje:
Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Ndine msungichuma wa amayi a chigwirizano kumpingo kwathu, ndipo chaka chino tinagwirizana kuti kuzizira kwa Juni kusanafike pachimake tithandizeko anthu ogona panja m'tauni muno mu Lusaka. Tasonkha K4,200, mabulangete 18 ndi matumba awiri a zovala. Lamulungu lapitali kunabwera mnyamata wina waulemu kwambiri, atavala malaya olembedwa dzina la bungwe kumsana. Anati ali ndi nyumba yogoneka anyamata a m'misewu, amawaphikira, ena amawabwezera kusukulu. Anationetsa zithunzi pafoni, amayi ena mpaka kugwetsa misozi. Dzina la bungwelo sindilemba pano, chifukwa mwina ndi anthu abwino ndipo sindifuna kuwaipitsira mbiri.

Chandikayikitsa ndi ichi. Nambala ya Airtel Money imene anatipatsa, nditaiyesa, yatulutsa dzina la munthu, osati la bungwe. Nditafunsa kumene kuli nyumbayo anangoti "cha ku Kanyama", n'kuwonjezera kuti adzabwera yekha kudzatenga katundu kuti tisavutike. Ndalamazi si zanga. Muli ma K20 a amayi amene amapsa ndi dzuwa tsiku lonse akugulitsa tomato. Ndiyambire pati kufufuza?

Dalaivala_wa_Kanyama:
Amayi, gwirani kaye chikwama. Ine ndakhala ku Kanyama zaka 14. Kanyama ndi dziko lathunthu. Anene bwinobwino, ndi mbali ya msewu wa Los Angeles kapena wa Mumbwa? Pafupi ndi msika uti? Akatchula ndikadutsako mawa lomwe ndi minibasi.

Chiswamphika77:
Onsewa ndi akuba basi. Amadyera pa ana a anzawo.

MwanaWaKatete:
Onse ayi, achimwene. Mawu amenewo ndi amene amachititsa kuti ngakhale ogwira ntchito moona mtima asowe owathandiza. Amayiwa afunsa njira yosiyanitsira, tiyeni tiwapatse njira.

Alangizi_Opuma:
Mwachita bwino kufunsa, mayi. Ndinagwira ntchito yoona za chisamaliro cha anthu zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndifotokoze mmene zimayendera.

Kuno ku Zambia bungwe lotere likhoza kulembetsedwa m'malo angapo, n'chifukwa chake anthu amasokonezeka. Ena amalembetsa kwa Registrar of NGOs, wolembetsa mabungwe omwe si aboma (ma NGO), ku unduna wa Community Development and Social Services, potsatira lamulo la mabungwe la 2009. Satifiketi ya kumeneko imatha pakapita zaka 5, choncho muziyang'ana deti. Ena, makamaka mipingo ndi timagulu ta m'makomboni, ali kwa Registrar of Societies ku unduna wa Home Affairs. Enanso amapita ku PACRA, ofesi yolembetsa makampani, kukalembetsa ngati kampani yosagawana phindu. Ndiye munthu akati alibe pepala la NGO musathamangire kumutchula wakuba. Mufunseni kuti munalembetsa kuti, nambala yake ndi iti, ndipo akupatseni fotokope. Dzina la pa satifiketi lifanane ndendende ndi la pa malaya aja ndi la pa kalata. Chilembo chimodzi chikasiyana, funsani chifukwa. Ndinaonapo anthu akuyenda ndi fotokope ya satifiketi ya bungwe lina loona, atangofufuta mzere umodzi. Choncho musakhutire ndi pepala limene wakupatsani yekhayo. Tengani nambalayo mukafunse ku ofesi imene inalitulutsa.

Koma apa pali china chachikulu kuposa satifiketi. Mnyamatayo wati amagoneka ana. Nyumba yosunga ana siitsegulidwa ngati kantemba. Lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, limafuna kuti malo otere akhale ovomerezeka ndipo a Social Welfare aziwayendera. Mwana satengedwa pamsewu n'kumusunga miyezi boma lisakudziwa. Pitani ku ofesi ya Social Welfare ya boma la Lusaka, mukatchule dzina la bungwelo. Ngati amagonekadi ana, ofesiyo iwadziwa. Ikati sitinamvepo, ndiye kuti mwina nyumbayo kulibe, kapena ilipo koma ikuyenda mobisa, ndipo chachiwirichi n'choopsa kwambiri kwa anawo.

Nachisale_Chilenje:
Zikomo kwambiri abambo. Ndalemba zonse m'kope. Za Social Welfare sindinaziganizire n'komwe.

Tate_wa_Mapasa:
Ine ndiwonjezere za pa Facebook poti ndiye ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, ndimakonza mafoni ku City Market. Tsamba lililonse lili ndi malo oonetsa tsiku limene linatsegulidwa ndiponso ngati linasinthapo dzina. Ndinapezapo tsamba lopempha thandizo la ana amasiye, koma miyezi inayi m'mbuyomo linali logulitsa mawigi. Zithunzi nazonso muziike pa Google Lens kuti muone kumene zinachokera. Zina zimene zimazungulira m'magulu a WhatsApp ndi za kumayiko ena. Yang'anani kumbuyo kwa chithunzi, manambala a galimoto, zikwangwani, mtundu wa minibasi. Ndipo mukatsimikiza kuti nambala ndi ya akathyali, inenezeni ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, pa *707#.

Amai_a_Dalitso:
Ndikuuzeni zimene zinandionekera ine. Januwale wa 2024, nthawi ya kolera ija odwala akuwagoneka ku Heroes Stadium, kunabwera amayi awiri ndi kalata ya chidindo, ati akusonkhetsera mabanja amene madzi anawagwetsera nyumba ndipo akugona panja. Ndinagula matumba atatu a ufa a 25kg ndi ndalama zanga za chilimba. Mwana wanga wamkazi analemba pa thumba lililonse ndi cholembera chofiira kuti "Mulungu akudalitseni", n'kujambula kamtima pambali. Patatha masiku anayi ndikudutsa pa msika wina, ndinaona thumba pa kantemba, kamtima kofiira kaja kali poonekera, akupimira anthu timapaketi ta pamela. Ndinaima chilili. Wogulitsayo anati anagula kwa mayi wina pamtengo wotsika. Sindinalire chifukwa cha ufa ayi. Ndinalira chifukwa mwana wanga anali nane ndipo anaona. Mpaka lero ndikamuuza za kuthandiza osauka amangondiyang'ana.

Kalata ya chidindo ija ndinaikhulupirira kwambiri. Chidindo amasema m'tauni momwemu.

MwanaWaKatete:
Pepani amayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Gogo_Matero:
Ana inu, mukunena za mapepala, koma ndimvereni nanenso. Kuno kwathu kuli mayi wina amene amaphikira anyamata a m'misewu phala Lachitatu ndi Loweruka, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Alibe satifiketi, alibe Facebook, Chingerezi sadziwa. Ndalama akalandira amamanga pa chitenje. Koma palibe ngwee imene inasowapo. Mukatsatira njira zanuzi mayi ameneyu agwa mayeso, pomwe wakuba wophunzira, wodziwa kulemba makalata, akhoza.

Alangizi_Opuma:
Agogo, mwanena zoona ndipo sindikutsutsani. Koma mayi amene mukunenayo mumamuona ndi maso anu, mumadziwa pakhomo pake, mumadziwa mphika wake. Iyeyo umboni wake ndi inu. Mapepala timawafuna pamene munthu ndi mlendo, ndipo wabwera m'dzina la bungwe. Wadzitchula bungwe, aonetse za bungwe. Komanso kuphika phala ndi kugoneka ana n'zosiyana. Pa kugoneka ana sindigonja, ngakhale munthuyo akhale wopemphera chotani.

Gogo_Matero:
Pamenepo tagwirizana, mwanawe.

Ndinagonapo_Panja:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndilankhuleko, poti amene mukuwakambawo ndinali mmodzi wa iwo. Ndinachoka kunyumba ndili ndi zaka 12, mayi atamwalira. Ndinagona zaka zitatu pakati pa msika wa Soweto, siteshoni ya mabasi ya Intercity ndi pansi pa mlatho. Pogona pathu panali pa makatoni, usiku wa Julaye tikuotha mapulasitiki ndi matayala, m'mawa nkhope zili bii. Ambiri tinkanunkhiza sitika, mankhwala oledzeretsa, kuti tisamve njala ndi mphepo.

Obwera kudzatithandiza tinkawadziwa mitundu yawo. Ena ankafika masana ndi galimoto yabwino, kutiika pamzere, aliyense kumugwiritsa buledi ndi botolo la chakumwa, kujambula. Tsiku lina anatifunditsa mabulangete atsopano, akadali ndi fungo la m'sitolo, anatijambula, kenako anati bweretsani tikawasunge kuofesi kuti asabedwe. Sitinawaonenso. Nkhope yanga iyenera kuti inapempha ndalama zambiri zimene sindinazione.

Koma kunali bambo wina ankabwera usiku, wapansi, wopanda kamera. Ankadziwa dzina la aliyense, ngakhale maina athu a m'misewu. Mnzanga atatupa mwendo anamunyamula yekha kupita naye kuchipatala, n'kukhala naye pamzere mpaka m'mawa. Ndi amene anandifunsa funso limene wina aliyense sanandifunsepo: kwanu n'kuti, alipo wachibale amene angakulandire? Anafufuza mpaka anapeza azakhali anga ku Chadiza. Lero ndimawotcherera mageti ku Kalingalinga, ndili ndi mkazi ndi mwana.

Ndiye amayi, ku maofesi pitani, koma pitaninso kwa anyamatawo. Mufunse mnyamata wanuyo kuti amagwira ntchito mbali iti ya tauni, mupite kumeneko popanda iye, mugule zitumbuwa, mukhale pansi mufunse kuti kodi uje mumamudziwa? Anyamata aja amadziwa aliyense. Amadziwa wobwera ndi kamera ndi wobwera ndi mtima. Mufunsenso bungwelo kuti ana amene anadutsa m'manja mwanu ali kuti lero. Loona likuuzani kuti uyu ali kusukulu yakuti, uyu tinamubwezera kwa agogo ake, uyu anathawa anabwerera kumsewu. Likamati onse zikuwayendera bwino, likunama. Ife tinkathawa kawirikawiri.

Nachisale_Chilenje:
Mwana wanga, ndawerenga kawiri ndipo ndalira. Mulungu akusunge iwe ndi banja lako.

Amai_a_Dalitso:
Achimwene, uthenga wanuwu ndimuwerengera mwana wanga usiku uno.

Chiswamphika77:
Chabwino, ndabweza mawu anga. Si onse. Koma ndifunse, nanga bwanji osangowapatsa okha ndalama pa maloboti? Palibe wapakati, palibe wakuba.

Ndinagonapo_Panja:
Ndalama ya pa maloboti siikhalitsa m'manja mwa mwana wamng'ono. Akuluakulu a gululo amalanda, yotsala imapita ku sitika. Ndipo ikamabwera tsiku ndi tsiku, mwana saona chifukwa chochokera pamsewu. Ine ndemwe ndinakana kangapo kupita kunyumba yosungirako ana chifukwa pa Manda Hill Loweruka ndinkapeza ndalama. Chakudya perekani, chotsegula kale kuti adye pomwepo.

Mlongo_wa_ku_Dedza:
Ine ndine wa ku Malawi, ndili kuno pa ukwati. Kwathu timafunsa ngati bungwe lili ku CONGOMA, mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma, ndi ku NGORA, ofesi ya boma yowayang'anira. Vuto ndi lomweli, pa Lilongwe napo ana ali mbwee m'misewu. Koma ndifunseko za mabulangete, mwagula kuti otchipa? Nafenso kumpingo kwathu tikufuna.

Nachisale_Chilenje:
Ena tinagula ku Kamwala kwa amwenye, mukatenga ambiri amatsitsako. Ena amayi anabweretsa a kunyumba.

Dalaivala_wa_Kanyama:
Salaula ya ku Soweto ndiye yabwino, mukalawire m'mawa akamatsegula mabelo. Mabulangete ake ndi olemera kuposa a m'sitolo.

Amai_a_Dalitso:
Olemera inde, koma muwachape kawiri ndi kuwayanika padzuwa tsiku lonse. Ine anandibweretsera nsikidzi m'nyumba.

Ndinagonapo_Panja:
Kwa ogona panja bulangete latsopano lokongola siligona nawo masiku awiri, limabedwa kapena kugulitsidwa. Lakale looneka lotha ndi limene limakhala.

Woyang'anira_Gulu:
Abale, za mabulangete titsegulire nkhani yake payokha. Tibwerere ku funso la amayi a Nachisale.

Kalaliki_wa_Ndalama:
Ndiyankhe mbali ya nambala ya foni ija, poti ndimawerengera ndalama mabungwe ang'onoang'ono. Dzina la munthu kutuluka pa Airtel Money kapena MTN si umboni wokwanira wa kuba, magulu ambiri ongoyamba amatero. Koma bungwe lolembetsedwa likhoza kutsegula akaunti ya kubanki m'dzina lake, ndipo mabanki amafuna satifiketi, malamulo a bungwe, nambala ya msonkho (TPIN) ya ku ZRA, otolera misonkho, ndi maina a osayinira. Kawirikawiri osayinira amakhala awiri kapena kuposa, kuti munthu mmodzi asatulutse ndalama yekha. Ndiye akaunti ya m'dzina la bungwe imakuuzani kuti wina anawaunika kale. Ngati bungwe lakhala zaka zitatu koma ndalama zonse zimalowa m'foni ya munthu mmodzi, funsani kuti foniyo ikatayika, kapena mwini wake akadwala, zimatha bwanji.

Pemphani zinthu zosavuta. Lisiti ya nambala yokhala ndi dzina la bungwe. Maina a komiti ndi nambala ya wapampando, mumuimbire nokha. Ngati wapampando, mlembi ndi msungichuma ndi bambo, mkazi wake ndi mlamu wake, chenjerani. Pemphaninso kuona mmene anagwiritsira ntchito ndalama chaka chatha, ngakhale zolembedwa pamanja m'kope la sukulu. Amene amagwira ntchito moona sakwiya ndi mafunso awa, ena amakondwa kumene. Wokwiya, kapena wokufulumizitsani kuti tumizani lero ana agona ndi njala, ameneyo akufuna musapeze nthawi yoganiza.

MwanaWaKatete:
Ndipo ngati zonse zakanika, malo odziwika alipo. Fountain of Hope ku Kamwala yakhala ikugwira ntchito ndi ana a m'misewu kuyambira zaka za m'ma 1990. Akuluakulu osowa pokhala boma limawasunga ku Matero After Care Centre. Kwathu ku Katete kuli kampu ya asilikali a Zambia National Service (ZNS) ya Chiwoko kumene anyamata ochoka m'misewu akhala akuphunzitsidwa ntchito zamanja. Mukaona mwana ali pangozi, nambala ya Childline ndi 116, yaulere.

Gogo_Matero:
Koma musamuweruze mnyamatayo musanamuone. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nayenso ndi mwana wa munthu.

Nachisale_Chilenje:
Abale, ndabweranso patatha sabata kuti ndikuuzeni mmene zayendera.

Lolemba ndinamuimbira mnyamata uja kupempha satifiketi ndi malo enieni. Anazengereza, koma madzulo anatumiza chithunzi cha satifiketi ya kwa Registrar of Societies, dzina lofanana ndi la pa malaya. Lachitatu ndinapita ku Social Welfare ndi amayi a abusa. Tinadikira nthawi ndithu, koma mayi amene anatithandiza anati gululo amalidziwa ngati lophikira ana chakudya, koma pa mndandanda wa nyumba zogoneka ana palibe.

Loweruka a Dalaivala_wa_Kanyama anatiperekeza, sitinauze aliyense kuti tikubwera. Tinapeza kanyumba ka lendi ka zipinda ziwiri. Panja mayi wachikulire akuvundula nsima mumphika waukulu pa mbaula ziwiri zogundaniza, thukuta lili kamukamu, ndiwo soya ndi kabichi. Anyamata ndinawerenga 23, atakhala pa njerwa, wina wamng'ono akuthirira anzake madzi osamba m'manja ndi chigubu chodula. Mayiyo ankawaitana mmodzimmodzi ndi maina. Ndinalowa m'nyumba. Chipinda china muli matumba a makala ndi mbale, china mabenchi atatu ndi bolodi. Bedi kapena mphasa, ayi. Palibe mwana amagona pamenepo.

Mayiyo ndiye wapampando. Nditamufotokozera za Lamulungu lija anaika mthiko pansi. Sankadziwa kuti mnyamatayo anabwera kumpingo kwathu, ndipo nambala ija ndi yake ya mnyamatayo. Anamuitanitsa. Anabwera, anagwada, anati ananena za nyumba yogona chifukwa akangoti timaphika Loweruka anthu sapereka, ndipo ndalamazo akanabweretsa. Kope la ndalama analitulutsa mayiyo, lolembedwa ndi pensulo, makala K180, ufa, mafuta, mpaka machesi. Akaunti ya kubanki alibe.

Ndiye bungwe lilipo ndipo ntchito ikuoneka, koma zimene tinauzidwa si zimene tinapeza. Amayi a chigwirizano agwirizana kuti ndalama sitipereka m'manja. Tigula tokha ufa, mafuta, soya ndi makala, tikapereke kwa wapampando pamaso pa komiti yake, asayine m'kope lathu.

Chiswamphika77:
Mnyamatayo akanadya ndalamazo. Muuzeni wapampando amulande malayawo.

Gogo_Matero:
Sitikudziwa zimenezo. Ananama, inde, ndipo adzudzulidwe. Koma anyamata 23 aja amamudziwa kapena ayi?

Nachisale_Chilenje:
Amamudziwa, agogo. Ndinafunsa awiri kumbali monga anandilangizira a Ndinagonapo_Panja. Ati ndi amene amapita kukawatenga m'tauni Loweruka m'mawa, ndipo nayenso anachokera kumsewu komweko. N'chifukwa chake mtima wanga wagawanika.

Alangizi_Opuma:
Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona, mayi. Koma wapampandoyo amuletse kusonkhetsa ndalama yekha, ndipo mawu oti amagoneka ana awachotse paliponse pamene analembedwa, angawabweretsere mlandu. Ngati akufunadi kudzatsegula nyumba yogona, ayambire ku Social Welfare konko.

Kalaliki_wa_Ndalama:
Amayi a Nachisale, mundipatse nambala ya wapampandoyo kumbali. Ndikhoza kupita Loweruka lina kukawathandiza kukonza mapepala a kubanki ndi kuona ngati malipoti awo a pachaka kwa Registrar ali bwino. Sindilipiritsa.

Dalaivala_wa_Kanyama:
Katunduyo ndidzanyamula ine. Ndidzakupezani pa tchalitchi 9 koloko, ulendo wa m'mawa ukatha.

Ndinagonapo_Panja:
Nanenso ndibwera, ndikufuna ndikacheze naye mnyamatayo patokha. Amayi, pa ndalama zotsala mugulekonso masokosi ndi Vaseline. Mwezi uno mapazi amang'ambika mpaka kutuluka magazi, ndipo palibe amene amakumbukira kubweretsa zimenezo.